Mutu 9: Chikwama cha Amadamu

M'madera ambiri a m'Malawi muno, tsiku limene aphunzitsi alandira silibisika. Wakabaza amalidziwa, chifukwa m'mawa wa Loweruka ndiye amanyamula amadamu kukawatula kumsewu kuti akakwere minibasi ya kuboma. Wagolosale amalidziwa, chifukwa madzulo ake amatulutsa kabuku kangongole n'kukhala pakhomo ngati akuwothera dzuwa. Ngakhale achimwene amene atha mwezi wonse ali zii amalidziwa, foni imayamba kulira kamodzi n'kuduka. Mlimi wa soya amagulitsa kamodzi pachaka ndipo anthu amangoganizira kuti wapha zingati. Mayi wageni phindu lake amalidziwa yekha. Koma malipiro a mphunzitsi ali ngati mbuzi yomangidwa m'mbali mwa njira, aliyense wodutsa amaiyeza ndi maso, ndipo ambiri amaiwona yonenepa kuposa m'mene ilili.

Pali chifukwa chake. Boma litayambitsa maphunziro aulere a pulayimale mu 1994, chiwerengero cha ana m'sukulu chinalumpha kuchoka pa 1.9 miliyoni kufika pafupifupi 3 miliyoni, ndipo panafunika aphunzitsi zikwizikwi mwadzidzidzi. Kuyambira pamenepo uphunzitsi wakhala khomo lalikulu limene atsikana ochokera m'mabanja a alimi amalowera pa ntchito yolipidwa pa mwezi. Mtsikana amene wamaliza ku St Joseph's ku Bembeke, ku Machinga, ku Kasungu kapena ku Karonga TTC nthawi zambiri ndiye woyamba pamtundu pake kukhala ndi akaunti kubanki. Amakolo ake anagulitsa mbuzi, amalume anapereka thumba la mtedza kuti apeze zofunika za kukoleji. Akayamba kulandira, mbumba yonse imapuma. Sikuti abalewo ndi adyera. Ambiri mwa iwo anaikapodi kanthu, ndipo akuyembekezera chimene anabzala.

Vuto lili pakuti malipiro amabwera pa mwezi, ofanana Januwale ndi Juni, pomwe moyo wa pakhomo umayenda pa chaka. Mabuku ambiri ophunzitsa za bajeti amangonena kuti lembani zolowa ndi zotuluka za mwezi. Malangizo amenewo si abodza, koma amathandiza munthu amene lendi, magetsi ndi chakudya ndizo zonse zimene amalipira. Mphunzitsi amene ali ndi munda kumudzi, mwana kusukulu yogonera konko, mayi wodwala BP ndi ana awiri a malemu mng'ono wake, mwezi wake wa Juni ndi wa Januwale ndi nyama ziwiri zosiyana. Akawerengera pa mwezi, miyezi ina amadziona wolemera n'kugula nsalu zitatu, miyezi ina amapezeka pakhomo pa wakatapila.

Tayang'anani m'mene chaka chimayendera. Sukulu zimatsegulira mu Seputembala, ndiye yunifolomu, nsapato, makope ndi fizi ya wakusukulu yogonera zimafunika nthawi imodzi. Asanapume, Okutobala ndi Novembala afika ndi feteleza wokulitsa ndi mbewu. Disembala ali ndi aganyu opalira ndi Khirisimasi. Januwale ndiye pachimake: teremu yachiwiri, feteleza wobereketsa, malungo a ana, chimanga chitakwera mtengo pamsika, ndiponso uthenga wochokera kumudzi woti nkhokwe yagona. Febuluwale amangopitiriza pomwepo. Kuyambira Epulo zinthu zimapepukako, koma chilimwe chili ndi zakezake: zinkhoswe, maukwati, ma bridal shower, ziliza, misonkhano ya Mvano kapena Chigwirizano, chilichonse ndi nsalu yake. Penapake m'katimo mulinso ndalama za mayeso a MANEB. Palibe chimodzi mwa zimenezi chimene chimabwera modzidzimutsa. Timangochita ngati tadzidzimuka.

Mphunzitsi ali ndi luso limene anthu ena alibe. Teremu isanayambe amakhala pansi n'kulemba masikimu, kugawa silabasi yonse m'masabata kuti mayeso asam'peze ali pa mutu wachitatu. Ndalama imafuna zomwezo. Tengani kope limodzi, mujambule mizere ya miyezi 12, ndipo pa mwezi uliwonse mulembe zazikulu zimene mukudziwa kuti zikubwera, ndi mitengo ya chaka chatha mutawonjezerapo kanthu. Muwonkhetse zonse n'kugawa ndi 12. Nambala imene ituluke ndi ndalama imene si yanu mwezi uliwonse, ngakhale ili m'akaunti yanu. Tiyerekeze kuti fizi, feteleza, chimanga ndi mayeso zakwana K720,000 pachaka. Ndiye kuti K60,000 iyenera kuchoka tsiku lolandira lomwelo, sopo asanagulidwe. Ambiri akawona nambalayo koyamba mtima umagunda, ena amatseka kope. Koma ndalamayo ankailipira kale chaka chilichonse, kungoti ankailipira ndi chiwongoladzanja pamwamba.

Chimanga

Pa zonse zimene banja limagula, chimanga ndicho chimalanga kwambiri munthu wowerengera pa mwezi. Mu Meyi ndi Juni alimi amakhala akufuna ndalama ndipo mtengo umakhala pansi. Pofika Januwale, chimanga chomwecho chili m'manja mwa mavenda ndipo mtengo umakhala utakwera, zaka za chilala umachita kuwirikiza. Mphunzitsi wa kumudzi ali pabwino kuposa mnzake wa ku Ndirande kapena ku Kawale, chifukwa alimi ndi makolo a ana a m'kalasi mwake omwe, amagula pakhomo popanda thiransipoti.

Choyamba n'kudziwa kuti pakhomo panu pamadyedwa matumba angati. Musafunse kwa aneba. Lembani tsiku limene mwatsegula thumba la makilogalamu 50 ndi tsiku limene latha. Ngati limatha masabata atatu, chaka chonse chikufuna matumba 17. Wonjezeraniponso awiri kapena atatu a kumudzi, chifukwa mukudziwa kuti adzapempha, ndipo ndi bwino kudzawapatsa chimanga cha mtengo wa mu Juni kusiyana n'kudzatumiza ndalama ya mtengo wa mu Febuluwale. Pogula, gwiritsani ntchito sikelo imene mukuikhulupirira. Ndowa zina zinamenyedwa kunsi.

Kugula n'kosavuta, kusunga ndiye ntchito. Chimanga chosauma bwino chimachita chuku, ndipo chuku china chili ndi poizoni amene amawononga chiwindi. Alangizi a zaulimi amaphunzitsa kayesedwe kapafupi: ikani chimanga pang'ono ndi mchere wouma m'botolo lagalasi louma, tsekani, khutchumulani, dikirani kanthawi. Mchere ukamamatira m'mbali mwa botolo, chimangacho chikufunikabe dzuwa. Chikauma, ena amathira mankhwala monga Actellic, ena amagula matumba a PICS, aja a mapepala awiri m'kati ndi saka kunja, amene amapha anankafumbwe powamana mpweya. Matumbawa ndi okwera mtengo pogula koma amagwira ntchito zaka zingapo akapanda kubooka. Asanjikeni pa matabwa, osati pa simenti, ndipo asagunde khoma. Nyumba zambiri za aphunzitsi zimadontha, choncho yang'anani kudenga musanasankhe ngodya.

Zilipo zaka zimene dziko limakolola kwambiri ndipo mtengo sukwera kwenikweni. Ngakhale zitatero, amene anagula mu Juni sanaluze kanthu, wadya chimanga chake. Koma chaka ngati 2024, pamene boma linalengeza kuti maboma 23 mwa 28 ali pa ngozi chifukwa cha chilala cha El Niño, kusiyana kwa nyumba ya matumba ndi nyumba yopanda matumba kunali kusiyana kwa tulo ndi kusowa tulo.

Palinso chifukwa china chimene katundu wosawonongeka amaposera ndalama yogona. Mu Meyi 2022 kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti, ndipo mu Novembala 2023 inatsitsidwanso ndi 44 peresenti. Mu 2024 kukwera kwa mitengo ya zinthu kunadutsa 30 peresenti. Amene anasunga ndalama ya feteleza m'chitini kuyambira Juni anapeza kuti pofika Novembala ikugula zochepa. Choncho ndalama ya chinthu chodziwika isamachedwe kusanduka chinthucho: feteleza agulidwe thumba limodzilimodzi akangopezeka, nsapato za sukulu zigulidwe pa holide, malata agulidwe awiriawiri.

Kapepala ka malipiro

Aphunzitsi ambiri amadziwa ndalama imene imalowa m'akaunti, koma ndi ochepa amene amawerenga payslip mzere ndi mzere. Pakapepalapo pali msonkho wa PAYE, pali za bungwe la aphunzitsi la TUM kwa amene ndi mamembala, pali alawansi ya kumudzi kwa amene akuyenera kulandira, ndiye pali ngongole. Ngongole yodulidwa malipiro asanafike m'manja ndi yokoma potenga chifukwa safunsa chikole, ndipo ndi yosavuta kuiwala chifukwa suiwona ikutuluka. Lembani m'kope lija mwezi umene ngongole iliyonse inayamba ndi mwezi umene ikuyenera kutha. Zimachitika kuti kudula kumapitirira ngongole itatha, ndipo amene alibe pepala la mgwirizano amavutika kutsutsa.

Musanasaine, pali funso limodzi limene limaposa onse: ndikamaliza ndidzakhala nditabweza zingati zonse pamodzi? Wobwereketsa amakonda kunena za ndalama ya pa mwezi chifukwa imamveka yaing'ono. Komanso mawu akuti 3 peresenti pa mwezi ali ndi matanthauzo awiri. Tiyerekeze kuti mwatenga K600,000 yobweza miyezi 24. Ngati chiwongoladzanja akuchiwerengera pa ndalama yonse imene munatenga kuyambira mwezi woyamba mpaka womaliza, ndi K18,000 mwezi uliwonse, ndipo pomaliza mudzakhala mutapereka K432,000 pamwamba. Ngati akuchiwerengera pa ndalama imene yatsala mukabweza, chiwongoladzanja chonse chimakhala pafupifupi K250,000. Peresenti ndi yomweyo, kusiyana kwake n'kopitirira K180,000. Funsaninso za ndalama yoyendetsera mapepala ndi ya inshuwalansi, chifukwa ena amazidula musanalandire, mumasainira K600,000 n'kulandira yocheperapo.

Ndiye pali ija amati top up. Ngongole ikangofika pakati, foni imalira, mawu aulemu amakuuzani kuti ndinu kasitomala wabwino ndipo mukhoza kuwonjezera. Chimene chimachitika n'chakuti ngongole yakale imatsekedwa ndi yatsopano, mumalandira kotsalako, ndipo miyezi imayambiranso pa 1. Alipo aphunzitsi amene atha zaka khumi osawonapo malipiro awo athunthu. Za katapila sindichulukitsa. Munthu amene wakusungirani khadi la ATM pamodzi ndi nambala yachinsinsi ndiye akulandira malipiro anu, inu mukungomugwirira ntchito m'kalasi.

Sindikunena kuti ngongole yonse ndi yoipa. Ngongole yogulira puloti, malata kapena chimanga cha chaka chonse pa mtengo wotsika ili ndi mutu. Malo abwino oyambira ndi SACCO, chifukwa kumeneko wobwereka ndi mwini wake yemwe: mumagula masheya, mumasunga, mumabwereka molingana ndi zimene mwasunga, ndipo phindu likapezeka pakutha pa chaka limagawidwa kwa mamembala. Bungwe la MUSCCO, limene limagwirizanitsa ma SACCO m'dziko muno, linayamba mu 1980, ndipo alipo ma SACCO a anthu ogwira ntchito m'boma ndi a aphunzitsi, monga Mphunzitsi SACCO. Ubwino wina ngwakuti ndalama yosunga ikhoza kudulidwa kumalipiro komweko, isanadutse pa golosale.

Banki m'khonde nayo yathandiza amayi ambiri. Njirayi inayambira ku Niger mu 1991 kudzera m'bungwe la CARE, ndipo lero ili paliponse, ngakhale m'masitafurumu. Gulu likakhala la anthu odziwana, lokhala ndi malamulo olembedwa, ndipo likamagawana mu Okutobala kapena Novembala feteleza ali pafupi, limagwira ntchito ngati nkhokwe. Koma magulu ambiri amaika chiwongoladzanja cha 20 peresenti pa mwezi, ndipo ena amakakamiza membala aliyense kubwereka kuti ndalama isagone. Mayi wogulitsa tomato akhoza kuzungulitsa K100,000 n'kupeza K20,000 ya chiwongoladzanja. Mphunzitsi amene wabwereka K100,000 n'kulipira fizi alibe poizungulitsira. Akamangopereka chiwongoladzanja chokha, pakatha miyezi isanu wapereka K100,000 yathunthu ndipo ngongole ikadali pomwepo. Apa ndi pamene munthu amalowa gulu lachiwiri kuti atseke loyamba, kenako lachitatu. Gulu limodzi ndi lokwanira. Chipereganyu, chija mumangosonkherana n'kupatsana mosinthana popanda chiwongoladzanja, n'chofatsa kuposa pamenepo, makamaka mukapempha kuti mwezi wanu ukhale Meyi kapena Ogasiti.

Kusainira mnzanu ngongole ngati mboni n'kutenga ngongoleyo inuyo. Akasamutsidwa kupita ku Chitipa n'kusiya kubweza, adzadula inu.

Abale

Apa ndiye povuta, chifukwa masamu okha sathandiza. Akuluakulu anati kupatsa n'kuika, ndipo mphunzitsi amene wakana abale ake onse adzazindikira tsiku la maliro kuti ndalama sikumba manda. Komabe kupereka kopanda malire kumathera pakuti wopatsayo ndiye amasanduka wopempha. Chimene ndaona chikugwira ntchito ndi kupereka gawo lodziwika, pa nthawi yodziwika, kwa munthu wodziwika. Kukhala pansi ndi amayi n'kunena kuti, "Amayi, mwezi uliwonse ndizikutumizirani yakutiyakuti pa foni, ya sopo, mchere ndi chigayo. Feteleza ndidzabwera naye ndekha mu Okutobala. Kupitirira apo ndilibe, pokhapokha atakhala matenda." Mawu otere amalemera pakamwa ulendo woyamba. Koma amayi ambiri amakondwera ndi kandalama kochepa kotsimikizika kuposa yambiri yobwera mwa apo ndi apo, chifukwa nawonso amayamba kukonza zawo.

Pamene n'kotheka, perekani chinthu m'malo mwa ndalama. Fizi ya mwana wa achemwali ikalipidwe kusukulu ndipo lisiti likhale kwa inu. Mankhwala a agogo agulidwe. Ndalama yodutsa m'manja atatu imafika itaonda, ndipo pambuyo pake mumadana ndi anthu chifukwa cha K5,000. Ngati muli ndi abale ena amene amapeza kangachepe, mlongo wa ku Johannesburg kapena mng'ono wogulitsa kaunjika, gawanani mitu: uyu za munda, uyu za chipatala, uyu za sukulu. Kawirikawiri mwana wamkazi ndiye amasenza zonse chifukwa ndiye amayankha foni.

Maliro sapangana tsiku, koma palibe chaka chimene chimatha popanda maliro. Kathumba ka zadzidzidzi, kosiyana ndi ka fizi, kamafunika ngakhale katayamba ndi K5,000 pa mwezi. Ena amakasunga pa nambala ina ya Mpamba kapena Airtel Money imene anthu saidziwa. Kumbukirani kuti kutumiza ndi kutapa kulikonse kuli ndi mtengo wake, ndipo kutapa kasanu pang'onopang'ono kumadya zambiri kuposa kutapa kamodzi. Chimodzimodzi ulendo wa kuboma: ngati kabaza, minibasi ndi chipisi cha pamsika zikudya gawo looneka la malipiro, ulendowo ukhale umodzi ndipo mubwereko ndi sopo, mafuta, shuga ndi mchere za mwezi wonse za pa holoselo.

Nanga bambo a kunyumba? Mabanja amasiyana, ndipo buku silingalamule za kuchipinda. Alipo amuna amene mkazi akayamba kulandira amapinda manja, ndalama yawo imasanduka ya iwo okha pomwe ya mkazi ndi ya banja. Alipo ena amene amasunga khadi la mkazi m'thumba mwawo. Aliponso ambiri amene amakoka limodzi. Kope la miyezi 12 lija limathandiza pa onsewa, chifukwa kukambirana za nambala zolembedwa n'kosavuta kuposa kukambirana za amene ali wowononga. "Bambo a Chikondi, Januwale akufuna yakuti. Ine ndikwanitsa apa, apa patsala inu." Chimene sindingabwerere m'mbuyo ndi cha mapepala. Puloti kapena nyumba imene ndalama yanu yalowapo ikhale ndi dzina lanu pa chikalata, kaya nokha kaya pamodzi ndi amuna anu, ndipo malisiti a simenti ndi malata asungidwe. Lamulo la 2011 lokhudza chuma cha masiye limateteza mkazi kapena mwamuna wotsala pamodzi ndi ana, ndipo kulanda katundu wa masiye ndi mlandu. Koma lamulo limayenda msanga pamene pali pepala. Kulemba wilu sikuitana imfa, ndipo mayina a ana amene munalembetsa kuntchito kuti adzalandire ndalama zanu awonedwenso mwana wina akabadwa kapena banja likasintha.

Za geni ndingonena pang'ono. Mandasi, zitumbuwa, mafirizesi, nkhuku, nsalu zobwereketsa kwa aphunzitsi anzanu, zonsezi zimathandiza ngati mpamba uli m'chikwama chakechake. Geni zambiri za aphunzitsi sizifa chifukwa chosowa ogula, zimadyedwa ndi ndiwo za madzulo. Ndipo geni imene ikufuna kuti ana a sukulu akugulitsireni, kapena kuti muzituluka m'kalasi kukayang'ana beseni, ikuika pachiswe ntchito imene ikukupatsani mpambawo.

Patsala mzere umodzi umene amadamu ambiri salemba m'kope, wa iwo eni. Nsapato yoimira tsiku lonse kutsogolo kwa ana 100, magalasi a maso pamene zolemba za pa rejisitala zayamba kuvina, kukayezetsa BP ndi shuga, kuyezetsa khansa ya khomo la chiberekero kumene zipatala za boma zimachita ulere koma thiransipoti ndi yanu. Palinso sukulu. Mphunzitsi wa pulayimale amene wakonza magiredi ake a MSCE akhoza kupita ku Domasi College of Education ku Zomba kapena ku Nalikule ku Lilongwe n'kukatenga dipuloma yophunzitsira kusekondale, ndipo giredi yake ya malipiro ikhoza kusintha. Ndi ndalama yokhayo m'kope lonse imene imakulitsa nambala ya pamwamba, pomwe zina zonse zimangoigawa. Imafuna fizi ya mayeso, ya mafomu, thiransipoti ya ku intavyu, ndi munthu wosiyira ana. Zimenezi zilembedwe pa mwezi wake, pakati pa feteleza ndi yunifolomu, ndi inki yofanana.